Makina Amene Anakwatira Chipatala

Ku ufumu wa Tapatsidwa mphatso sibwezedwa. Mfumu ya dzikolo, Zikomo Wachitatu, inabadwa ndi luso limodzi, lotambasula manja, ndipo inalisamala kuti lisachite dzimbiri. Alendo atabweretsa njinga zopanda matayala, mfumu inati zikomo. Atabweretsa mafiriji m'midzi yopanda magetsi, inati zikomo kwambiri, anthu n'kumasungamo nsapato za kutchalitchi. Choncho makampani awiri a kutsidya kwa nyanja atafika ndi makina osungira mbiri ya odwala, panalibe amene anafunsa kuti makinawo amadya chiyani.

Chopinga chinali chimodzi. Lamulo lakale la dzikolo limati mlendo samanga pa dothi la eni pokhapokha atakwatirapo. Nduna ya Zaumoyo, Wolemekezeka Kadyamsonkhano, inaganiza msanga kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, niti makampaniwo akwatire zipatala. Mayina awo anali othyola lilime, ndiye anthu anangowatcha Chitsekero ndi Mpiringidzo. Chitsekero anakwatira kachipatala ka Pamzere, Mpiringidzo anakwatira chipatala chachikulu cha Bweranimawa. Chinkhoswe chinachitika chenicheni, cha ng'oma ndi nthungululu, mfumu yomwe inavina mpaka nduwira kupendekeka.

Chipatala chilibe malume, ndiye panafunika nkhoswe yobwereka. Kuchikazi kwa Pamzere kunaimira a Wedisoni Kalimbuka, bambo wa pakamwa pothwa amene anali atalumikiza mabanja ambiri ndi kukonza ena osweka. Iwo anapereka thadzi, nalandira tambala kuchokera kwa a Mkwapatira, mkulu wa suti yonyezimira amene ankaimira Chitsekero ndipo laputopu sinkachoka m'khwapa mwake. Tambalayo a Kalimbuka anamudya ndi mpunga, osadziwa kuti fupa lake lidzawaima pakhosi patsogolo.

A Kalimbukawo anali mkamwini. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa akazi awo, Nachisale, ndipo chinkawawawa tsiku ndi tsiku chinali chakuti alamu awo, a Jailosi, ankaitchula kuti “nyumba ya mlongo wanga.” Ululuwo unabala Bungwe la Akamwini Otopa, iwo n'kukhala tcheyamani. Anasindikiza matisheti achikasu olembedwa kumsana kuti WOMANGA NDIYE MWINI. Malata a khitchini anagula kalekale, koma anawaunjika kuseri kwa nyumba, nalumbira kuti sakhoma ngakhale limodzi mpaka lamulo la chikamwini litasintha.

“Inu a tcheyamani,” Nachisale ankatero akuphika madzi akudontha paphewa, “malata anu akudikira lamulo, koma mvula sikudikira.”

“Tapirirani, Nachisale. Nkhondo iyi ndi ya mibadwo.”

“Mibadwoyo idzadya zonyowa.”

Makina atakhazikika, kunatuluka chilengezo chakuti timabuku ta kuchipatala ndi chizindikiro cha umphawi, aliyense akapereke kake. Zolembedwamo zinalowetsedwa m'makina, timabukuto n'kugulitsidwa pa sikelo. Kwa miyezi ingapo munthu ankagula zitumbuwa pamsika n'kupeza zakulungidwa m'malungo a mnansi wake.

Tsiku lina Nachisale akuthamangitsa mbuzi imene inaba ndiwo, anakodwa pa mulu wa malata uja, lata limodzi n'kumucheka mwendo. Anamangapo chitenje, nati zazing'ono. Balalo silinavomereze. Linatupa, linafiira, thupi lonse n'kutentha. Ku Pamzere anapezako makina oyaka bwinobwino koma mankhwala kulibe, choncho anawatumiza ku Bweranimawa, kumene Nachisale anagonekedwa.

Dokotala wa kumeneko, Mayi Chikuse, anali wosazungulira polankhula. “Bala ili lifunika jakisoni wamphamvu. Alipo mankhwala amene thupi lanu limadana nawo?”

“Alipo,” anatero Nachisale. “Chaka chija cha anankafumbwe anandibaya ku Pamzere chifukwa cha chithupsa. Ndinatupa ngati chule, mpweya unathawa, abale mpaka anayamba kutumizirana mauthenga.”

“Dzina la jakisoniyo?”

“Ine ndinali kufa, adokotala. Sindinafunse dzina.”

Dokotala anayang'ana a Kalimbuka.

“Linali lalitali,” anatero iwo.

“Bambo, m'kabati umu ndili ndi majakisoni atatu, onse a mayina aatali. Awiri angapulumutse mwendowu, mmodzi angaphe mwini mwendo. Ine sindichita maere pa munthu.”

“Nanga makina ali pambali panuwo ndi owonera mpira?”

Dokotala anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti makina akewo ndi a Mpiringidzo, pamene mbiri ya Nachisale ili m'makina a Chitsekero. Awiriwo salankhulana, ndipo ngakhale atafuna sangamvane, poti aliyense amalemba m'kalembedwe kakekake, n'kumakabisa ngati mmene sing'anga amabisira chizimba. “Ndiziwapatsa mapiritsi kaye. Koma kutupaku kukadutsa bondo, tidula mwendo. Kandipezereni dzinalo.”

A Kalimbuka anayang'ana mwendo wa akazi awo, naona lata lawo lomwe. Mantha ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi. Nachisale anawakoka tisheti yachikasu ija, nati, “Musaime ngati mtengo wa magetsi. Pakamwa panupo pagwireko ntchito lero.”

Ku Pamzere kalaliki anawalandira mwaulemu. Anati mbiri ilimo yonse, koma makina amatseguka ndi chala cha mwini matenda.

“Mwini matenda ali chigonere ku Bweranimawa.”

“Ndiye mubweretse chala chokhacho,” anatero kalalikiyo, osaseka.

Mwamwayi a Mkwapatira anali pomwepo, akupukuta fumbi pa chikwangwani cha kampani yawo. “Ankhoswe athu! Tambala uja anakoma?” Atamva nkhani, anagwira pachifuwa kusonyeza chisoni, dzanja linalo likupanikiza laputopu. “Matenda ndi a mayi, sitikukana. Koma kalembedwe ndi kathu. Tikatumiza kwa Mpiringidzo lero, mawa aphunzira chinenero chathu, mkuja atilanda mkazi. Inunso ndinu mwamuna, mukumvetsa.”

“Sindikufuna chinenero. Ndikufuna dzina limodzi.”

“Nkhokwe imatha ndi chimanga chimodzichimodzi, ankhoswe.”

Potuluka, a Kalimbuka anadutsa pamsika, napeza wolengeza wa mfumu ali pa galimoto ndi chimkuzamawu. Ankati boma lamva kulira kwa anthu, ndipo kuyambira tsopano makina a Pamzere ndi a Bweranimawa azipatsana moni m'mawa uliwonse. Poti okha sangathe, galimoto yatsopano izinyamula moniwo, moperekezedwa ndi akuluakulu atatu a unduna.

A Kalimbuka anathamangira galimotoyo. “Bwana, poti mukupita komweko, simungandinyamulireko dzina la mankhwala?”

“Galimoto ino ndi ya moni basi. Ya mayina ikudikira bajeti.”

“Musadandaule, a tcheyamani,” anatero mayi wogulitsa zitumbuwa. “Akazi anu akadulidwa mwendo, makina onse awiri adzatumiza mafuno abwino.”

“Ine ndinayezetsa magazi ku Pamzere, ndinakayezetsanso ku Bweranimawa,” anatero wogulitsa makala. “Ndikadwalanso kachitatu, sadzapeza otsala.”

Anthu anaseka, a Kalimbuka sanaseke. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Anakwera kabaza wa ku likulu.

Kubwalo la mfumu kunali msonkhano wa Chinenero Chimodzi cha Makina, umene unayamba nthawi yokolola ndipo tsopano chimanga china chinali m'mawondo. Aphungu anagawikana pawiri. A mbali ya Tsegulani ankati kalembedwe kakhale poyera ngati njira ya kumsika, kuti makina alionse, ngakhale opangidwa konkuno, aziwerenga mbiri ya wodwala dokotala akaifuna. A mbali ya Tsekani ankati wophika ndiye adziwa mchere, ndipo mlendo ukamuvula chinsinsi amanyamuka ndi mphatso zake. Mbali ziwirizi zinkagwirizana pa mfundo imodzi yokha, yakuti tiyi azibwera ndi masamusa.

Anthu wamba sankaloledwa kulowa. Koma a Kalimbuka anauza mlonda kuti sanabwere ngati munthu wamba. “Ndine nkhoswe. Banja limene mfumu inavinira lavuta.” Mlondayo anakanda m'mutu. Nkhoswe sibwezedwa pakhomo, ngakhale ku Tapatsidwa. Anatsegula.

Mbiri inali itathamanga kale kuti tcheyamani walowa kwa mfumu. Akamwini Otopa anakhamukira komweko ndi matisheti awo achikasu, poganiza kuti tsiku lawo lafika, nadzaza mawindo onse. A Jailosi nawo anabwera kudzaona chimene alamu awo akuphika. A Mkwapatira anaitanitsidwa.

A Kalimbuka anapeza Wolemekezeka Kadyamsonkhano ali pakati pa mawu. “Ndipo ndikunenetsa, mfumu, kuti pofika m'badwo wa zidzukulu zathu, makina a dziko lino adzalankhula chinenero chimodzi. Takhazikitsa kale komiti yosankha dzina la komiti imene idzafufuze chinenerocho.”

“Zikomo,” inatero mfumu, ikusinza.

A Kalimbuka anagwada, naomba m'manja, nayala nkhani yawo mwachidule. Anati mwana wawo wamkazi, chipatala cha Pamzere, wabereka ana ambiri m'banjamo, ndiwo mbiri za odwala, koma mwamuna wawatsekera m'chipinda. Sawalola kukacheza kwa azakhali awo ku Bweranimawa, ndipo wawaphunzitsa chinenero chimene pamudzi palibe wochimva. “Mmodzi wa anawo ali ndi mawu opulumutsa mwendo wa mkazi wanga. Ndabwera kufunsa kuti ana amenewa ndi a yani.”

A Mkwapatira anaimirira akumwetulira. Anati sataya nthawi ya mfumu. Nyumba ya makina anamanga ndi Chitsekero. Mawaya, majenereta, kalembedwe, zonse ndi thukuta la Chitsekero. “Ndipo mfundo yanga si yochokera kutsidya kwa nyanja ayi. Ndi ya konkuno. A tcheyamani, tatembenukani pang'ono, mfumu iwerenge kumsana kwanu.”

Bwalo lonse linawerenga mokweza: “Womanga ndiye mwini.”

M'mawindo Akamwini Otopa anaombera m'manja mwachizolowezi, kenako manja anazizira mmodzimmodzi.

A Kalimbuka anayang'ana tisheti yawo. Mawu amenewo anawapeka okha, atakhala pa njerwa zimene anaumba ndi manja awo. Anawalalikira m'maliro, m'maukwati ndi m'mabawo. Kuwakana pamaso pa mfumu, pamaso pa bungwe, makamaka pamaso pa a Jailosi, kunali kutaya nyumba ija mpaka kalekale. Anaganiza za khonde lake la simenti yofiira. Kenako anaganiza za bondo la Nachisale, ndi kutupa kumene kunkakwera ngati madzi a mumtsinje.

Anavula tishetiyo, naipinda, naiika pansi. Anatsala ndi vesiti yobooka pamimba.

“Mfumu, amene analemba mawu awa anali ndi njala ya ulemu. Ndikumudziwa bwino. Lamulo la Tapatsidwa, limene ine ndakhala ndikuliweruza m'mabanja a anthu ena, limati mkamwini asamakule mwendo. Ana ndi a kuchikazi. Nyumba imene wamanga pa dothi la eni ndi ya eni. Chinenero chimene ana akulankhula pabwalo la mayi wawo ndi cha pamudzi, sichitsekeredwa m'sutikesi. Mkamwini akaona kuti zimenezi zamuwawa, amanyamula bulangete lake, n'kuona msewu. Ine ndinalandira tambala pa banja ili. Ngati mwamuna akukaniza ana kulankhula ndi abale awo, ndikupempha kuti asudzulidwe lero.”

A Jailosi anagwedeza mutu mwamphamvu moti chipewa chinagwa.

Mfumu inatsegula diso limodzi. “Ankhoswe, mwati akachoka amanyamula chiyani?”

“Bulangete, mfumu.”

“Nanga makina?”

“Amatsala.”

“Majenereta? Magalimoto aja oyera?”

“Zonse zimatsala, mfumu.”

Mfumu inatsegula diso lachiwiri, manja ake n'kuyamba kutambasuka okha. “Zikomo,” inatero, ikuyang'ana a Mkwapatira mwachikondi chimene chinawatulutsa thukuta m'suti.

A Mkwapatira anapempha kutuluka kaye. Anakaimba foni kutsidya kwa nyanja, akuwerama ngati amene akulankhula nayeyo akuwaona. Atabwerako anati banja ndi kupirirana, ndipo Chitsekero, posonyeza chikondi, apereka galimoto ina ku nyumba ya mfumu. Za kalembedwe azikambirana ndi komiti ya nduna, mosathamanga. Koma dzina limene ankhoswe akufuna alinena pompano.

Anatsegula laputopu, ndipo panapezeka kuti kwa iwo makina safuna chala cha munthu aliyense. “Ndinena kamodzi, pakamwa. Kulemba ayi, kalembedwe nkhani yake ili ku komiti.” Anatsokomola. “Sefitiriyakisoni.”

“Sefi chiyani?” anafunsa a Kalimbuka, koma laputopu inali itabwerera kale m'khwapa.

Dzinalo linayamba kuwapulumuka ngati mlamba. Anayang'ana m'mawindo, kumene kunali nkhope za anthu amene anali atangowagulitsa kumene. Kenako msungichuma wa bungwe, a Lufeyo, amenenso anali mkulu wa kwaya kumpingo kwawo, analankhula. “Za tisheti tikambirana mawa, a tcheyamani, ndipo mudzazimva. Koma dzinalo ine ndaligwira. Anyamata, a besi mutenge kumapeto!”

Anakwera lole ya mchenga onse, akuimba dzina limodzilo, a tena akuyamba “sefitiri,” a besi akulandira “yakisoni.” Anthu m'mbali mwa msewu ena anavula zipewa poyesa maliro, ena anafunsa ngati chipani chatsopanocho chikugawa nsalu. Pamsika mayi wa zitumbuwa anavinako pang'ono. Lole inapitirira galimoto ya moni, imene inali itaima pa malo odyera.

Mayi Chikuse anamva nyimboyo ali m'wodi. Anasuzumira pawindo, namvetsera kawiri, napita ku kabati. Anakankhira jakisoni mmodzi kumbuyo, natenga wina. Kutupa kunali kutatsala pang'ono kufika pa bondo, ndipo kunaima pomwepo.

Zotsatira zake sizinachedwe. Bungwe linachotsa a Kalimbuka pampando, n'kuwalipiritsa mbuzi. A Jailosi anayamba kubwera kudzakhala pa khonde la simenti yofiira, atatambasula miyendo, n'kumapereka maganizo a mtundu wa penti. Mfumu inalandira galimoto yake, niti zikomo. Makina a Pamzere ndi a Bweranimawa mpaka lero amangopatsana moni wa pagalimoto. A Kalimbuka anatenga hamala osauza munthu, nakhoma malata onse pa khitchini, kuyambira ndi lija linacheka mwendo.

Nachisale atatuluka m'chipatala, akutsimphina pang'ono, anapita kumsika yekha. Anabwerako mkono uli womangidwa nsalu, pamutu atasenza chimtolo chachikulu. Atamasula nsalu ya pamkonopo, a Kalimbuka anaona zilembo zakuda zodindidwa pakhungu, kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono: SEFITIRIYAKISONI AYI.

“Mphini zanga zatsopano,” anatero Nachisale. “Zinawawa, bola likanakhala dzina lalifupi ngati panado. Koma izi dokotala aliyense awerenga, ndipo kiyi wake ndi kupinda malaya.”

Pasanapite nthawi theka la msika linali ndi mikono yolembedwa, uyu shuga, uyu mphumu, uyu dzina la mapiritsi ake. Wolemekezeka Kadyamsonkhano anaitanitsa msonkhano wofufuza kuti mikonoyo mwini wake ndani, ndipo akuti masamusa ake ndi aakulu kuposa a msonkhano woyamba uja.

Koma tsiku limenelo a Kalimbuka maso awo anali pa chimtolo. Nachisale anachitula pa khonde, nachimasula. Linali bulangete, lochindikala, lalikulu loti n'kufunda banja lonse ndi alendo omwe.

“Ndamva kuti munauza mfumu kuti chanu pamudzi pano ndi bulangete lokha,” anatero. “Lija munabwera nalo linatha kalekale, ndinapangira chisa cha nkhuku. Ndiye ndagula ili. Talinyamulani tione.”

A Kalimbuka analikweza, nadzandira nalo. “Ndi lolemera, Nachisale.”

“Eya. Ndipo theka lake ndi langa. Tsiku limene mudzafune kuona msewu, mudzachita kundikulunga momwemo.”

Bambo amene pakamwa pawo sipanasowepo mawu chibadwire anafunafuna chonena, napeza mawu amodzi okha, omwe aja a mfumu. Anati zikomo, misozi ili m'maso, bulangete lili m'manja.